Alendo akachuluka, alendo akasowa: zomwe ndaphunzira pa mavuto a zokopa alendo

Gawo la maphunziro lomwe tangomaliza linali la mavuto omwe ntchito zokopa alendo zikukumana nawo masiku ano, ndipo tinayamba ndi ziwerengero. M'chaka cha 1950, maulendo a alendo owoloka malire a mayiko anali pafupifupi 25 miliyoni pa dziko lonse. Pofika 2019 anali atayandikira 1.5 biliyoni. Nthambi ya United Nations yoona zokopa alendo, yomwe likulu lake lili ku Madrid ndipo kuyambira 2024 ikutchedwa UN Tourism, ndiyo imasonkhanitsa ziwerengerozi, ndipo nduna za maboma, eni mahotela ndi makampani a ndege amazitchula monyadira. Koma nditawerenga nkhani za madera omwe alendowo amafikako, ndaona kuti chiwerengero cha ofika chimabisa zambiri. Sichitiuza kuti ndalama yomwe mlendo walipira yathera m'thumba mwa ndani. Sichitiuzanso ngati anthu okhala pamalopo anafunsidwa maganizo malowo asanatsegulidwe kwa alendo.

Chaka cha 2020 ndicho chinaika poyera zomwe zinkabisika. Mliri wa COVID-19 utatseketsa malire, maulendo a pakati pa mayiko anatsika ndi 70 peresenti ndi kuposerapo. Bungwe la World Travel and Tourism Council linawerengera kuti ntchito pafupifupi 62 miliyoni zinatha chaka chimenecho. Chuma cha Maldives, dziko la zilumba lomwe limadalira alendo pa chilichonse, chinatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Koma ululuwo sunagawidwe mofanana. Kampani ya ndege ya Lufthansa inapulumutsidwa ndi thandizo la mayuro 9 biliyoni lochokera ku boma la Germany. Wochapa zofunda mu hotela, woperekera zakudya, wotsogolera alendo, woyendetsa boti ndi wogulitsa zosemasema pakhomo pa malo oonako zinthu, ambiri mwa iwo analibe kontrakiti yokhazikika, ndipo m'mayiko osauka kunalibe thumba lowathandiza. Anangouzidwa kuti akhale kunyumba mpaka zinthu zitasintha. Malo osungirako nyama zakutchire omwe amalipira alonda awo ndi ndalama za pachipata nawonso anagwira njakata.

Alendo atayambanso kuyenda, ogwira ntchito ambiri sanabwerere. M'chilimwe cha 2022, anthu ankaima pamizere maola ambiri pa bwalo la ndege la Schiphol ku Amsterdam, ndipo bwalo la Heathrow ku London linaika malire akuti onyamuka asapose 100,000 pa tsiku chifukwa kunalibe antchito okwanira. Ine nkhaniyi ndinaiona ngati umboni wa momwe ntchitozi zinalili kale. Munthu amene wapeza ntchito ina ya maola odziwika ndi malipiro a chaka chonse sangathamangire kubwerera komwe ankagwira usiku, Loweruka ndi Lamlungu, n'kumachotsedwa nyengo ya alendo ikatha.

Pofika 2024 maulendo anali atabwerera pafupifupi pa 1.4 biliyoni, ndipo vuto la mbali inayo, la kuchulukitsa kwa alendo, linabwereranso. Apa ndi pomwe ndinakhalitsa powerenga, makamaka pa mzinda wa Venice ku Italy. M'chaka cha 1951, chigawo chakale cha mzindawu chinali ndi anthu pafupifupi 175,000. Mu 2022 chiwerengerocho chinatsika kufika pansi pa 50,000. Zifukwa n'zambiri, kuphatikizapo madzi osefukira ndi kusowa kwa ntchito zina, koma alendo ali pakati penipeni pa nkhaniyi. Mwini nyumba akaona kuti kubwereketsa nyumba kwa alendo masiku owerengeka kumabweretsa ndalama zoposa lendi ya mwezi wathunthu, banja lomwe linkakhalamo limatuluka. Sitolo yomwe inkagulitsa zofunika pakhomo imasanduka yogulitsa zikumbutso. Ana akachepa, makalasi amatsekedwa. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo kwa mlendo mmodzi mawuwa ndi oona. Koma mumzinda wotere, amene wachoka lero mawa m'malo mwake mwafika ena, kotero kuti wokhala pamenepo saona tsiku lomwe khamulo lapita.

Akuluakulu a boma anachitapo kanthu. Kuyambira mu Ogasiti 2021, sitima zikuluzikulu zonyamula alendo zinaletsedwa kudutsa kutsogolo kwa bwalo lalikulu la San Marco ndi m'ngalande ya Giudecca. Pa 25 Epulo 2024 mzindawu unayamba kulipiritsa mayuro 5 kwa obwera kudzangoona n'kubwerera tsiku lomwelo, pa masiku ena osankhidwa. Ndikaganizira bwino, ndalama imeneyi ndi yochepa kwambiri kwa munthu amene wagula kale tikiti ya ndege kuchokera kutali, ndipo anthu ena a mumzindamo anachita zionetsero tsiku loyambalo, podandaula kuti kwawo kwasanduka malo olowa ndi tikiti. Dandaulo lawo ndinalimvetsa. Chomwe iwo akusowa ndi nyumba zoti angakwanitse kulipira, ndipo tikiti ya pachipata siibweza nyumba ngakhale imodzi.

N'chifukwa chake njira ya mzinda wa Barcelona ku Spain inandikhutiritsa koposa. Mu Juni 2024, meya wa mzindawu, Jaume Collboni, analengeza kuti ziphaso pafupifupi 10,000 za nyumba zobwereketsa alendo kwa masiku ochepa zidzatha mphamvu pofika Novembala 2028. Ganizoli likukhudza gwero la vuto, lomwe ndi nyumba. Mwezi wotsatira, zithunzi za ochita zionetsero akuthira alendo madzi ndi timfuti ta ana zinafalikira dziko lonse, ndipo miyezi itatu m'mbuyo mwake anthu masauzande ambiri anali atayenda m'misewu ya ku Canary Islands, zilumba za dziko la Spain, podandaula za kuchuluka kwa alendo. Zothira alendo madzizo sindigwirizana nazo, chifukwa banja lomwe lakhala pa tebulo kudya silinalembe lamulo lililonse la nyumba. Komabe zinandikumbutsa zomwe wofufuza za zokopa alendo George Doxey analemba mu 1975, kuti eni dera amadutsa magawo anayi: poyamba amasangalala ndi alendo, kenako amangowazolowera, kenako amayamba kunyansidwa nawo, pamapeto pake n'kukhala udani weniweni. Pokambirana m'kalasi tinaona kuti chithunzi chimenechi chimatenga dera lonse ngati munthu mmodzi, pamene mumsewu womwewo mwini lesitilanti angakhale akusangalala pomwe woyandikana naye wolipira lendi wafika kale pa udani. Kusiyana kwawo kumachokera pa amene akupindula ndi amene akungosenza katundu.

Zimenezi zinanditengera ku phunziro lomwe ndikuliona kuti ndi lofunika kuposa onse, la kudontha kwa ndalama, kutanthauza ndalama za mlendo zomwe sizitsala m'dera lomwe wafikako. Mlendo amagula ulendo wake akadali kwawo. Tikiti ya ndege imapita ku kampani yakunja. Chipinda amachisungitsa pa intaneti kudzera ku Booking.com kapena Expedia, omwe amadula gawo lawo pa mtengo wa chipindacho. Hotela nayo ingakhale ya kampani yakunja, yomwe imatumiza phindu kwawo, imaitanitsa zakumwa, mipando ndi zakudya zina kuchokera kunja, ndiponso mabwana ake ndi obwera. Ulendowo ukakhala wolipiriratu zonse, chakudya ndi zosangalatsa zomwe, mlendo alibe chifukwa chotulukira kunja kwa mpanda. Sitima zoyenda ndi alendo panyanja ndiye zimanyanya. Icon of the Seas, yomwe inayamba maulendo mu Januwale 2024, imatha kunyamula alendo oposa 7,000. Anthu otere akatsikira padoko laling'ono amadzaza misewu kwa maola ochepa, n'kubwerera kukadya ndi kukagona m'sitima. Zinyalala, madzi ogwiritsidwa ntchito ndi misewu yowonongeka zimatsalira khonsolo ya pamalopo. M'buku la ziwerengero, onsewo alembedwa ngati ofika.

Pali nkhani ina yolemera kuposa lendi, ndiyo ya malo. Mu Juni 2022, ku Loliondo kumpoto kwa Tanzania, apolisi analimbana ndi Amasai pamene boma linkadula malire a malo okwana masikweya kilomita 1,500 kuti akhale osungirako nyama. Boma linati likuteteza zachilengedwe. Amasai ndi mabungwe oona za ufulu wa anthu anati malo odyetsera ziweto akulandidwa pofuna kupereka mpata kwa alendo odzasaka ndi odzaona nyama. Chomwe chinandipweteka mtima n'chakuti anthu omwewa zithunzi zawo ndi zomwe zimakongoletsa timabuku totsatsira maulendo a kum'mawa kwa Africa. Chikhalidwe chawo chimagulitsa maulendo, pamene eni akewo mawu awo samveka pokambirana za nthaka yomwe makolo awo anadyetserapo ng'ombe.

Si konse komwe zinthu zili choncho. Ku Rwanda, chiphaso chokaonera anyani akuluakulu a mtundu wa gorila m'nkhalango ya Volcanoes chimagulidwa madola 1,500, oona amaloledwa asanu ndi atatu okha pa gulu lililonse la anyaniwo pa tsiku, ndipo 10 peresenti ya ndalama za m'malo otetezedwa imapita ku zitukuko za midzi yozungulira, monga sukulu ndi zipatala. Namibia inapita patsogolo mu 1996 pomwe lamulo linapatsa anthu a kumidzi mphamvu yoyang'anira nyama za m'madera awo ndi kupangana okha ndi makampani ofuna kumanga malo ogona alendo. Pakati pa njira ziwirizi, ya Namibia ndi yomwe ndikuikonda, chifukwa kupatsidwa gawo la ndalama kumadalira kukoma mtima kwa wopereka, pomwe kukhala ndi ufulu pa nyama ndi zokopa alendo za m'deralo kumapatsa mudzi mpando pa zokambirana, ngakhalenso mphamvu yokana.

Za chilengedwe tinazidutsa mofulumirirapo, ngakhale n'zazikulu. Maya Bay ku Thailand inatsekedwa mu Juni 2018 maboti ndi alendo atawononga matanthwe amoyo a pansi pa nyanja, ndipo inatsegulidwanso mu Januwale 2022 ndi malamulo okhwima, kuphatikizapo kuletsa maboti kulowa m'gombelo. Chilumba cha Boracay ku Philippines chinatsekedwa miyezi isanu ndi umodzi mu 2018 chifukwa cha zonyansa zotayidwa m'nyanja, ndipo anthu ambiri odalira alendo anakhala opanda ntchito nthawi yonseyo. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2018 anapeza kuti zokopa alendo zimatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya mpweya wotenthetsa dziko. Ntchito yomweyi ikulumidwanso ndi kusintha kwa nyengo komwe ikuthandizira. Mu Julayi 2023, moto wolusa unachititsa kuti anthu pafupifupi 19,000 asamutsidwe pa chilumba cha Rhodes ku Greece, ndipo ku Athens anatseka Acropolis, malo a nyumba zakale zotchuka, masana chifukwa cha kutentha. Ku Maldives, nthaka yambiri ili pamtunda wosafika mita imodzi kuchokera pa madzi a m'nyanja, komabe dzikolo silingakhale popanda ndege zobweretsa alendo kuchokera kutali.

Pa ntchito yolemba ya gawoli ndasankha Bhutan, dziko laling'ono la m'mapiri a Himalaya ku Asia, chifukwa ikuonetsa kuvuta kwa nkhani yonseyi m'dziko limodzi. Itatsegulanso malire mu Seputembala 2022, inakweza msonkho womwe mlendo amalipira usiku uliwonse kuchoka pa madola 65 kufika pa 200, n'cholinga choti alendo akhale ochepa koma osiya ndalama zambiri. Alendo anachepadi, mahotela ang'onoang'ono ndi otsogolera alendo anayamba kudandaula kuti ntchito yasowa, ndipo patangotha chaka boma linatsitsa msonkhowo kufika pa madola 100. Mafunso omwe ndikulemba nawo ndi atatu: ndalama ya msonkhowo imafika kwa ndani, ndani anataya ntchito alendo atachepa, ndipo mwa anthu amenewa ndi angati omwe anali m'chipinda pomwe mtengowo unkakhazikitsidwa.