Zikomo nonse amene munanyamula nane chinjoka chija

Loweruka usiku chinjoka chathu chinatuluka pamaso pa anthu koyamba. Chinathamangitsa mnyamata uja, chinalasidwa, n'kugwa pa nthawi yake yeniyeni. Phewa likadali kuwawa pamene ndikulemba pano, koma sindingapume ndisanathokoze, chifukwa amene anakhala pa kapinga paja anaona njoka yokha. Amene anaifikitsa pamenepo sanawaone.

Abale akumudzi mwakhala mukufunsa chimene chimandisowetsa madzulo onse kuno ku Cape Town. Ndi opera, sewero limene nkhani yake imayenda ndi nyimbo. Lathuli ndi The Magic Flute la Mozart, limene linaonetsedwa koyamba ku Vienna mu 1791. Limayamba kalonga Tamino akuthawa chinjoka, amakomoka, kenako amayi atatu amachipha. Chinjokacho ndi ife, anthu asanu ndi awiri, pansi pa chidole cha nsungwi, waya ndi nsalu chotalika mamita 12. Ine ndimanyamula mutu.

Aphunzitsi athu, zikomo. Milungu itatu yoyamba munatiletsa kuyenda nacho, munangotiimika pamzere kuti tizipuma limodzi, ndipo mumtima ndinkadandaula kuti nthawi ikutha pachabe. Munatiuza kuti umo ndi mmene amaphunzitsira a Handspring Puppet Company, amene anayamba mumzinda uno mu 1981 ndipo anapanga zidole za akavalo za m'sewero la War Horse, kavalo mmodzi anthu atatu: chidole chiyambe chapuma, kuyenda kubwere pambuyo. Tsiku limene nthiti za njoka zinayamba kukwera ndi kutsika pamodzi, kamwana ka mayi wosesa kanathawira kumbuyo kwa siketi ya amake. Kudandaula kwanga kunathera pomwepo.

Kenako mphepo. Okhala kuno mukuidziwa, ya kummwera chakummawa ija amati Cape Doctor, imene ikayamba mtambo umayala pamwamba pa Table Mountain ngati nsalu ya patebulo. Kutatsala masiku khumi kuti tionetse sewero, tikuyeserera panja, inalowa m'kamwa mwa njoka ngati m'thumba, inaunyamula mutu wonse n'kuupotokola. Ndinamva nsungwi za m'khosi zikuti thyo, thyo, ndipo ndinagwera phewa. Usiku umenewo ndinalira mu takisi njira yonse. Ndinkaona ngati ntchito ya miyezi itatu ya anthu onse aja yathyokera m'manja mwanga.

Achimwene owotcherera, munagona masiku awiri pamalo paja kukonza khosi latsopano, ndipo ndalama ya usiku wachiwiri munaikana. Amayi osoka, ndinu munaona chimene tonse sitinachione. Munagwira nsalu ija, n'kunena kuti mphepo yalowa koma ilibe potulukira. Munasomola m'mbali monse, n'kuikamo ukonde umene patali umaoneka ngati mamba. Kuyambira tsiku limenelo mphepo imangodutsa.

Mnzanga wa kumchira, unanyamula mutu masiku anayi dzanja langa lili pa bandeji, ndipo unkauyendetsa bwino kwambiri. Ukanatha kukhala nawo. Tsiku lachisanu unangondiveka malamba aja osanena kanthu, n'kubwerera kumchira kumene palibe amene amakujambula. Sindidzaiwala.

Pali china chimene oonerera sachidziwa. Njoka ikafa, sewero limapitirira ife tili pomwepo. Amayi atatu aja amayimba nthawi yaitali akulimbirana amene atsale ndi mnyamata wokomokayo, kenako amabwera Papageno wogwira mbalame, amene amanama kuti wapha njokayo ndi iye. Nthawi yonseyo timagona pa udzu wonyowa ndi mame, osatsokomola, mwendo utachita dzanzi, nyerere zikuyenda m'khosi. Anzanga asanu ndi mmodzi, Loweruka palibe ndi mmodzi yemwe amene anagwedezeka. Ndinkangomva kupuma kwanu kumbuyo kwanga.

Abwana anga a kuntchito ya masana, zikomo pondisinthira mashifiti osandidula malipiro. Amayi a mpingo wathu wa a Malawi, nsima ya usipa imene munabweretsa usiku wokonza khosi uja inadyedwa ndi anthu a mitundu isanu, mpaka woimba vayolini anapempha ina.

Amayi anga ku Dedza, munada nkhawa mutamva kuti ndikulowa m'chilombo. Ndinakulira kumene chimkoko chimatuluka pabwalo, ndipo ndikudziwa kuti izo zili ndi eni ake, sindizisakaniza ndi izi. Munandimvetsera mpaka kumapeto, munandipempherera pa foni, ndipo Loweruka munadikira mpaka pakati pa usiku kuti mumve ngati khosi lalimba. Lalimba, amayi.

Tatsala ndi masewero atatu. Amene mukubwera tengani majuzi ndi bulangete, kumazizira dzuwa likangolowa, ndipo mufike msanga poti njoka imatuluka poyambirira penipeni. Amayi a mpingo, mapoto anu ndawatsuka, ndibwera nawo Lamlungu.