Kuthokoza nditatera ndekha kwathu ku Mangochi

Loweruka lapitali ndinatera ndekha, popanda aphunzitsi pambali panga, pabwalo laling'ono la ndege kuno ku Mangochi, ndipo ndaona kuti n'koyenera kuthokoza poyera anthu amene anandifikitsa pamenepa, ngakhale kuti ambiri mwa iwo sanakwerepo ndege.

Ku Chileka, kumene ndinanyamukira, kuli nsanja, ndipo ogwira ntchito m'nsanjamo ndiwo amakuuza mbali yotera ndi nthawi yodikira. Pabwalo lakwathu lino woyendetsa amasankha yekha. Ndege imayenera kutera moyang'anizana ndi mphepo kuti ikafika pansi isathamange kwambiri ndipo iime msanga, koma tsikulo chithumba chosonyeza mphepo, chimene timati windsock, chinali chitadzikulunga pamtengo wake, moti sindinathe kuwerengapo kanthu.

Apa ndi pamene ndikuthokoza inu Bambo. Pamene munkanditenga m'bwato panyanja ya Malombe ndili mwana, munkandikalipira ndikalephera kuzindikira mwera poyang'ana mafunde okha, ndipo ine ndinkaona ngati nkhanza. Ndili m'mwamba ndinayang'ana madzi ndi utsi wa owamba nsomba, ndinaona kuti zonse zikuthamangira kumpoto chakumadzulo, ndipo ndinadziwa kuti ndiyenera kutera ndikuloza kummwera chakummawa, kumene mwera umachokera m'miyezi yozizira ino.

Ndikuthokozanso aphunzitsi anga, amene sanatope kundibwereza mawu akuti wailesi ikakhala chete sizitanthauza kuti m'mwamba mulibe wina. Iwo ndi amene anandizoloweretsa kudutsa kaye pamwamba pa bwalo ndikuyang'ana pansi, kenako kulizungulira mokhotera kumanzere pa mafiti 1,000 kuchokera pansi, chifukwa woyendetsa amakhala mpando wakumanzere ndipo amaona bwino mbali imeneyo, komanso kulengeza pawailesi pamene ndili ngakhale pasakhale wondiyankha. Ndege imene ndimayendetsa, ya mtundu wa Cessna 172, ili ndi mapiko pamwamba, choncho ukamakhota phiko limaphimba mbali yomwe ukuloweratu, ndipo n'chifukwa chake ankandikakamiza kulitukula pang'ono ndisanakhote. Kunena zoona, ndinkachita zimenezi mongowasangalatsa. Koma Lowerukalo, nditatukula phikolo, ndinaona ndege ina yoyera ikubwera molunjika kudzatera, ili m'munsi mwanga, ndipo mawu ake sindinawamve n'komwe pawailesi. Popeza amene ali m'munsi potera ndiye woyenera kupatsidwa mpata, ndinapitirira patsogolo osakhota mpaka iyo inatera ndi kupatuka.

Amayi, za ndalama za usipa zimene munkandipatsa mobisa kuti ndilipirire maola ouluka sindinena zambiri pano, chifukwa munandiletsa.

Pomaliza pali achimwene ena amene sindikuwadziwa dzina. Nditatsala pang'ono kugunda pansi, mbuzi zitatu zinatulukira m'tchire n'kuima pakati pa njira, ndipo ndinawonjezera moto n'kukweranso m'mwamba, monga mmene tinaphunzirira. Pozungulira kachiwiri ndinakuonani achimwene mutasiya njinga yanu ya makala pambali, mukuthamangitsa mbuzizo ndi chipewa, ndipo munaima patali mpaka ndinatera. Pamene ndinkazimitsa injini n'kuti mutapita kale. Ndibweranso mwezi wamawa, ndipo ndapempha alonda a pabwalopo kuti akakuonani mukudutsa, akuuzeni kuti ndikukufunafunani.