Loweruka ku Dzaleka, tsiku la Tumaini

Ndikulemba izi usiku, fumbi la ku Dzaleka likadali m'tsitsi ndi m'makutu. Madzi osamba ali pambaula, ndiye podikira kuti atenthe ndati ndilembe zisanandithawe.

Tinalawirira m'mamawa, ine ndi mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa Fomu 3 amene amalemba ndakatulo kumapeto kwa makope ake akusukulu. Ulendowu, wopita ku chikondwerero cha zoimba ndi ndakatulo cha Tumaini, anauyambitsa ndi iye. Sabata yonse nyimbo inali imodzimodzi: "Amalume, ku Tumaini salipiritsa pakhomo, inu mungolipira minibasi basi." Ine mu Lilongwe muno ndakhalamo zaka zambiri, koma ku Dzaleka ndinali ndisanapondeko, chonsecho ndi pafupi, makilomita 40 ndi kanthu. Tinadutsa Kanengo, Lumbadzi, n'kukhotera msewu wa ku Dowa. M'mbali mwa msewu minda inali yogalauzagalauza, mizere ili ndondondo kudikira mvula. Dzuwa la nyengo ino mukulidziwa nokha, 9 koloko isanakwane limakhala layamba kale kuluma pakhosi.

M'minibasi ndinkangoganiza za dzinalo. Tili ana, akuluakulu akamatchula Dzaleka ankatsitsa mawu. Nthawi ya Kamuzu kunali ndende, kumene ankatsekerako anthu pa nkhani zandale, ndipo a Mboni za Yehova ambiri anazunzikira komweko. Amati dzinalo linachokera pa mawu akuti "ndidzaleka", kutanthauza kuti wolowa m'menemo adzaleka zimene ankachitazo. Mu 1994 ndi pamene malowa anasanduka msasa wa anthu othawa kwawo. Anawakonzera anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000, koma lero mukukhala anthu oposa 50,000, ambiri a ku Congo, kenako a ku Burundi ndi Rwanda, ndi ena ochepa a ku Somalia ndi Ethiopia. Ndinkayembekeza kuona mpanda ndi matenti. Ndinapeza tauni ya nyumba za zidina zothinana, tinjira topapatiza, matchalitchi, malo ometera, ma saluni, akabaza ali piringupiringu, ana ali pamzere pa mjigo ndi zigubu zachikasu.

Chikondwerero cha Tumaini anachiyambitsa mu 2014 ndi mlakatuli wa ku Congo, Trésor Mpauni, amene ambiri amamudziwa kuti Menes La Plume, iyenso atafika ku Dzaleka ngati wothawa kwawo. Tumaini ndi Chiswahili, tanthauzo lake chiyembekezo. Chimene chimandigwira mtima pa ganizo lakelo ndi ichi: malamulo athu salola anthu a mumsasa kutuluka kapena kukagwira ntchito kunja mwachisawawa, ndiye iye anaona kuti ngati iwo sangapite kumene kuli zoimba, zoimbazo ndi anthu ake zibwere kwa iwo. Lero ndaona ndi maso anga kuti zimabweradi. Magalimoto a mu Lilongwe, mabasi a ana asukulu, azungu ndi zipewa zawo, anthu a m'midzi yozungulira atayenda wapansi, tonse pabwalo limodzi lafumbi.

Tisanapeze n'pokhala pomwe, tinamva ng'oma. Osati kumva ndi makutu kokha, ayi, m'mimba mwenimwenimu. Anyamata a ku Burundi analowa m'bwalo atasenza ng'oma zazikulu pamutu, zazitali ngati mitondo, akuziimba zili pamutu pomwepo, miyendo akuiponya m'mwamba mpaka chala kugunda chikopa cha ng'oma. Anavala nsalu zofiira, zoyera ndi zobiriwira, mitundu ya mbendera yakwawo. Anatsitsa ng'omazo n'kuziika mozungulira ngati mwezi wokhala kumene, imodzi pakati. Ndiye mmodzimmodzi amatuluka pamzere, kudzaimba yapakatiyo, kudumpha, kutembenuka, kuzunguliza kamtengo koimbira m'khosi mwake, n'kubwerera, wina n'kulowa. Kunalinso kamnyamata kosakwana zaka khumi, kakudumpha kuposa akuluakulu. Anthu anakuwa, amayi nthungululu.

Pafupi nane panaima bambo wachikulire, wamtali, jekete lake lakale koma lochapa bwino. Sankaomba m'manja. Milomo yokha ndiyo inkatsatira nyimbo. Ndinawapatsa moni, anayankha m'Chichewa chomveka bwino, chongopendekera pang'ono. Ndinawafunsa ngati nawonso ankaimba. Anati ankaimba ali mnyamata kwawo, mawondo ndiwo anawaletsa. Ndiye anayamba kundifotokozera, ine n'kuiwala kuti pasiteji palowa ena. Anati m'Chirundi mawu akuti ingoma amatanthauza ng'oma komanso ufumu, chinthu chimodzi. Kale ng'omazi sizinkaimbidwa wamba. Mwambo waukulu unali umuganuro, kumapeto kwa chaka, pamene mfumu inkadalitsa mbewu ya mapira, ndipo anthu ankadikira mwambowo kuti afese. Atatchula mapira ndinaseka ndi chimwemwe, chifukwa ine kwathu ndi ku Chikwawa, ndakulira nsima ya mapira ndi thobwa lake. Ndinawauzanso kuti Angoni akuno gule wawo amamutcha ingoma. Anagwedeza mutu, anati anamva kale, ndipo anati anthufe tinachokera kumodzi, tinangosiyana njira.

Anandiuza kuti kuseri kwa nyumba yawo kuli kamalo kakang'ono, masitepe ochepa chabe, kamene amadzalapo masamba. Akhala akufuna mbewu ya mapira, osati kuti akolole zodya, kamaloko sikangakwane, koma kuti adzukulu awo aone mmene mmera wake umaonekera, chifukwa ng'oma akuimba koma mbewu imene ng'omayo inkaimbira sanaionepo. Ku Dowa ndi kwa chimanga, fodya ndi mtedza. Mawu amenewa andikhala pamtima tsiku lonse.

Masana njala itatipweteka tinalowa m'kanyumba kena kodyera, ka mayi wa ku Congo. Mwana wa mlongo wanga anaitanitsa chapati ndi nyemba, chifukwa anzake anamuuza kuti wapita ku Dzaleka osadya chapati sanafike. Ine ndinafunsa ndiwo zamasamba. Mayiwo anati ali ndi sombe. Itabwera mbale, ndinaona kuti ndi chigwada chathu chomwechi, chosinja bwino, koma chophikira mafuta ofiira a mawese, ndi kansomba kouma mkati. Sindinadyepo chigwada chokoma chotero, ndipo amayi anga akamva izi andikhululukire. Mayiwo anati masiku a chikondwererochi amagulitsa kuposa masabata angapo, ndipo mabanja ena amalandira alendo kugona m'nyumba zawo, alendowo n'kulipira kangachepe. Polipira ndinanena kuti zikomo mayi. Anayankha kuti, "Zikomo ndinu, achimwene, mwatiyendera." Mwatiyendera. Ndi mmene timanenera kwathu munthu akabwera pakhomo pako.

Apa ndiyenera kulemba chinthu chimene chandivuta lero. M'tauni muno anthu onsewa timangowatchula kuti Maburundi, kaya ndi wa ku Goma, kaya wa ku Kigali, kaya wa ku Mogadishu. Inenso ndalitchulapo dzinali kambirimbiri, popita kukagula sopo pa okala. Mu 2023 boma litalamula kuti onse okhala m'matauni abwerere kumsasa, tinaona anthu akukwezedwa m'malole, ana ndi katundu yemwe, mashopu atsekedwa. Ndinamva chisoni masiku awiri, kenako ndinayamba kugula kwina. Sindinadzifunse kuti anthu aja anakafikira m'nyumba ziti, m'malo odzaza kale chonchi. Lero ndayenda m'tinjira timeneto. Chonsecho ine ndine mwana wa kuchigwa cha Shire. Ndikukumbukira nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, pamene dziko lino linasunga anthu oposa 1 miliyoni ochokera kumeneko. Tinkaphunzira nawo, kusewera nawo mpira wachikulunga, ena anakwatirana ndi abale athu. Mtendere utabwera mu 1992 ambiri anabwerera kwawo. Awa a ku Dzaleka ena atha zaka pafupifupi 30, ndipo kum'mawa kwa Congo mfuti sizinaleke kulira.

Cha m'ma 2 koloko kunamveka mbalule. Anthu a ku Dowa safuna kuuzidwa, anangoyamba kupatuka okha kupereka njira. Gule wamkulu wa m'midzi yoyandikana nayo analowa, amayi akuimba ndi kuomba m'manja pambuyo. Fumbi linakwera mpaka dzuwa kufiira. Ana a mumsasa ena anathawa, ena anakakamira kutsogolo, ndipo ndinaona mnyamata wina wa ku Congo akuvula chipewa n'kukaponya ndalama pansi kusupa chilombo, mwaulemu wake, monga achitira eni mudzi. Wina anamuphunzitsa, kapena anangoona kwa anansi ake zaka zonsezi. Ndinaganiza za bambo aja a mapira. Gule nayenso ali ndi nyengo yake, amatuluka kwambiri anthu akakolola, m'chilimwe monse, nthawi ya zinamwali ndi ziliza, ndipo mvula ikagwa makasu ndiwo amalamula. Ndiye lero tinali kumapeto kwenikweni kwa nyengo yake, pamene ng'oma za ku Burundi kale zinkaimbidwa potsegulira kufesa. Zonse ziwiri bungwe la UNESCO, la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, linazilemba m'kaundula wa chuma cha anthu onse, gule mu 2005, ng'oma za ku Burundi mu 2014. Koma kaundula savina. Pabwalo paja ndi pamene zinakumana, wina akutsekera chilimwe, wina akuitana dzinja.

Ndakatulo zinali pamalo ena ocheperako, kutali pang'ono ndi zimkuzamawu zazikulu. Kumeneko ndi kumene mwana wa mlongo wanga ankafuna kwenikweni, moti anandikoka dzanja. Alakatuli ankasinthana, wina Chifalansa, wina Chiswahili, wina Chingerezi, wina kusakaniza zonse m'ndakatulo imodzi. Zambiri sindinamve, koma munthu akamanena za mayi ake umadziwa ngakhale chinenero chili chachilendo. Kenako panabwera mtsikana wamsinkhu wa mwana wathuyu. Anayamba m'Chichewa, Chichewa cha ku Dowa chenicheni, chosapendekera ngakhale pang'ono. Ndakatulo yake inazungulira pa funso limodzi limene anthu amamufunsa, lakuti kwanu n'kuti. Anati mchombo wake unakwiriridwa pompano, mano ake oyamba anawaponya padenga la pompano, mvula imene amaidziwa ndi ya pompano, koma pepala limati kwawo ndi dziko limene sanaliponde. Sanalire, sanakuwe. Anangomaliza, n'kupereka maikolofoni kwa wotsatira.

Ndi zoona zimenezo. Mwana wobadwira mumsasa sakhala nzika ya Malawi chifukwa chobadwira kuno. Angakhoze mayeso a Fomu 4 bwino kuposa ana athu, koma njira yake ya ntchito ndi yotsekeka. Ine sindine wa zamalamulo, koma lamulo lathu la anthu othawa kwawo ndi la 1989, msasawu usanatsegulidwe n'komwe, ndipo sindikhulupirira kuti amene analilemba ankaganiza za mtsikana amene adzabadwire kuno, kukulira kuno, n'kumalakatula m'chinenero chathu kuposa ife eni ake. Ndikufuna lisinthe. Ndalemba poyera kuti ndisadzabwerere m'mbuyo.

Mwana wa mlongo wanga anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Amalume, ndikufuna ndikamulankhule." Ndinamusiya apite yekha. Ndinawaona chapatali atakhala pa benchi, mitu pamodzi, kope lija lili pakati. Anatha mwina theka la ola. Pobwera anali atang'amba tsamba limodzi m'kope mwake n'kumusiyira, iyenso atalandira lina.

Dzuwa litapendeka mphepo ya ku Dowa inayamba, yozizira mwadzidzidzi, ndipo pasiteji yaikulu panakwera gulu la rumba. Magitala a ku Congo aja, olira ngati akukamba nkhani. Apa panalibenso wakuti uyu ndi mlendo, uyu ndi mwini. Agogo ena a chitenje chofiira anavina ndi mwana kumbuyo, apolisi awiri ankagwedeza mapewa ali pantchito, ine ndemwe ndinalowa m'bwalo. Pambuyo pake panabwera oimba akwathu kuno, ndipo ana a mumsasa ankaimba nawo mawu onse osaphonya. Tikanakhala mpaka usiku, koma ndinalonjeza mlongo wanga kuti mwana afika nthawi yabwino, komanso minibasi zikayamba kusowa mitengo imakwera.

Tikupita kokwerera ndinawaonanso bambo aja, atakhala pa mpando kunja kwa kagolosale, kamnyamata kodumpha kaja kali pambali pawo kakumwa madzi. Anati ndi mdzukulu wawo. Ndinawafunsa kuti ndikawafuna ndingawapeze bwanji. Anati Lachiwiri ndi tsiku la msika waukulu ku Dzaleka, ndidzangofunsa kwa anyamata a ng'oma, adzandilondolera. Ndinawauza kuti, "Bambo, mapira aja ndibweretsa." Anandigwira dzanja ndi manja awiri.

M'minibasi mwana anagona paphewa panga tisanafike pa Lumbadzi. Kumpoto kunkang'anima, kutali, kopanda bingu. Ngati mvula ili pafupi chonchi ndiye nthawi yachepa. Mawa tikatuluka m'tchalitchi ndiwaimbira amayi ku Chikwawa, andipatulire mapira a mbewu odzaza chitini chimodzi, atumize ndi aliyense wobwera ku Lilongwe sabata ino. Lachiwiri likubwerali sizitheka, koma linalo ndipempha tchuthi kuntchito.

Madzi aja atentha.