Aloe vera pa nkhope: mmene ndinafikira pa njira yoyenera

Miyezi ya June ndi July kuno ku Mzuzu imaumitsa khungu, ndipo ine masaya ndi m'mbali mwa mphuno zinkatuwa ndi kusenda ngakhale ndinkadzola mafuta m'mawa uliwonse. Panopa nkhope yanga yakhazikika chifukwa cha tsamba la aloe vera, koma ndisanafike pa tsambalo ndinadutsa pa botolo lina limene mpaka lero limandikwiyitsa ndikalikumbukira.

Botololo ndinagula m'sitolo ina ya zodzoladzola m'tauni, ndipo mtengo wake unaposa wa mafuta amene ndimadzola thupi lonse. Linali ndi chithunzi cha tsamba lonenepa, zamkati zinali zobiriwira kwambiri, ndipo zinkanunkhira. Nditadzola madzulo, nkhope inayamba kutentha, ndipo kutacha pachipumi panali timatuza. Ndinakwera kabaza kubwerera kusitoloko, koma mtsikana wogulitsa anati, "Pepani amayi, katundu akatuluka sabwerera, dikirani abwana." Ndinadikira pa benchi mpaka nthawi ya nkhomaliro itapitirira, ndipo abwanawo atafika sanaligwire n'komwe botololo, anangonena kuti mwina khungu langa ndi limene lili ndi vuto. Tsiku la ntchito linapita, ndalama ya kabaza inapita, ndipo ndinabwerera nalo botolo m'chikwama.

Timalemba ting'onoting'ono ta kumbuyo ndi timene timaulula zonse. Zinthu zimene zili m'mafuta odzola zimalembedwa kuyambira chimene chilimo chochuluka, ndipo pa botolo langalo panayamba madzi, kenako alcohol, pamene Aloe barbadensis, lomwe ndi dzina limene aloe vera amalembedwa nalo pa zodzola, anali kumapeto pafupi ndi mafungo ndi utoto. Mnofu weniweni wa aloe vera si wobiriwira ayi, ndi woonekera ngati madzi ndipo sununkhira. Wogulitsa amene sadziwa zimenezi sayenera kumauza anthu kuti katundu wake ndi wachilengedwe.

Tsamba lenileni ndinapatsidwa ndi amayi ena oyandikana nawo nyumba ku Chiputula, amene anabzala chomeracho kuseri kwa khitchini. Muzidula tsamba la kunja, la pansi, lokhwima ndi lonenepa, chifukwa masamba a pakati amakhala anthete ndipo mnofu wake ndi wochepa. Mukadula, kumalo kodulako kumatuluka utomoni wachikasu, wowawa ndi wa fungo loipa, umene muli mankhwala otchedwa aloin. Utomoni umenewu umayabwa pakhungu, ndipo munthu akamwa umatsegula m'mimba. Imikani tsambalo m'kapu, kodulako kuloze pansi, kwa mphindi 15 kuti utomoniwo ukhe wonse, kenako mulitsuke. Mukatero chotsani minga ya m'mbali, sendani khungu la mbali imodzi ndi mpeni woyera, ndipo palani mnofuwo ndi supuni. Umatelera ngati therere, choncho palirani m'mbale, ndipo muutsukenso ngati pali kachikasu kotsalira.

Ndibwerere pang'ono pa nkhani ya chomera. Kuno kumpoto kuli mitundu ina ya aloe ya m'tchire, monga Aloe mzimbana amene dzina lake linachokera ku Mzimba, ndipo anthu ena amatchula mitundu yonse kuti aloe vera. Aloe vera weniweni amachita maluwa achikasu, pamene yambiri ya m'tchire imachita maluwa ofiira. Funsani mwini chomera za maluwa ake musanatenge tsamba.

Musathamangire kupaka kumaso. Pakani pang'ono mkati mwa mkono pafupi ndi chigongono, ndipo mudikire maola 24, chifukwa alipo anthu amene khungu lawo limadana ndi aloe vera ngakhale atakonzedwa bwino. Pakapanda kuyabwa kapena kutupa, sambani kumaso madzulo, pakani mopyapyala kupatula m'mbali mwa maso, siyani kwa mphindi 15 kapena 20, kenako tsukani ndi madzi ofunda. Mnofuwu pafupifupi wonse ndi madzi, motero ukauma umakoka khungu, ndipo m'nyengo yozizira ino muyenera kudzola mafuta anu a masiku onse pamwamba pake, apo ayi kutuwa kumabwerera.

Wotsala ndimasunga m'kabotolo kagalasi kotseka bwino mufiriji, ndipo sapitirira sabata imodzi. Magetsi akathima tsiku lonse, kapena ndikaona kuti wasintha mtundu ndi fungo, ndimataya n'kudula tsamba lina, ndipo nalonso ndimaliimika m'kapu kuti utomoni wachikasu uja ukhe, chifukwa palibe tsamba limene lilibe utomoniwo.

Kwa ine kusenda kunatha ndipo khungu linafewa, koma zipsera zakale za ziphuphu zidakalipo, ndipo amene amati aloe vera amayeretsa khungu akungofuna kugulitsa katundu. Sateteza ku dzuwa, komanso sayenera kupakidwa pa chilonda chakuya. Ngati ziphuphu zili ndi mafinya, zikupweteka kapena zikufalikira, pitani kuchipatala akaone khungulo, ndipo botolo kapena tsamba limene mwakhala mukupaka mupite nalo kuti adokotala adziwe chimene chakhudza nkhope yanu.