Buku la nambala 7 latha, koma anganga akuti ndinadumpha masamba

Mu Januwale ndinadzilonjeza kuti chaka chino ndiwerenga mabuku 12, limodzi pamwezi, komanso ndimalize makatuni awiri atatu amene ndakhala ndikungowayamba nkuwasiya panjira. Pano tili mu Okutobala ndipo ndangotseka kumene buku la nambala 7, ndiye odziwa masamu awerengere okha kuti ndatsalira ndi angati, ine manyazi anandithera kalekale kkkk. Kutentha kwa kuno ku Mangochi mwezi uno nkosafuna kufotokozera munthu, masana ku shopu ukati utsegule buku tsamba limamata ku chala ndi thukuta, ndiye kuwerenga kwanga kunasamukira mbandakucha, kukangomveka kuitana kwa kumzikiti ndimatulutsa mpando panja nkuwerenga mpaka akabaza atayamba kuliza mabelu mumsewu. Koma buku la 7 ili lokha ndaliwerenga madzulo, mokweza, ndipo ndi limene landipatsa zolemba lero.

Bukulo ndi Nthondo. Ee, lomwe lija la kusukulu. Ndinalipeza kwa mwana wa aneba amene analemba mayeso a Fomu 4 nkulitaya pansi pa bedi, chikuto chinachoka, masamba ena mphemvu zinalawako. Nthawi ya sukulu ineyo sindinganene kuti ndinaliwerenga, ndinangoloweza zoti ndikayankhe pamayeso basi, moti nditalitenganso zinali ngati ndakumana ndi munthu amene dzina ndimalidziwa koma nkhope ayi. Analemba ndi Samuel Josia Nthara, ena amalemba Ntara, mphunzitsi wa pansi pa mishoni ya Nkhoma, ndipo linatuluka mu 1933 litapambana pa mpikisano wa zolemba m'zilankhulo za mu Africa. Chaka chotsatira, 1934, Cullen Young analimasulira m'Chingerezi nkulitcha Man of Africa. Tangoganizani, buku loposa zaka 90 koma likadali m'zikwama za ana asukulu.

Nde zinachitika kuti anganga anabwera kuchokera kumudzi, mbali ya ku Namwera, kudzaonetsa maso kuchipatala kuno ku boma, ndipo akhala nafe pafupifupi mwezi. Madzulo magetsi akathima, zimene sizachilendo, timakhala pakhonde kudikira kamphepo ka kumtsinje, tsiku lina anandifunsa kuti iwe chimene umangoyang'anitsitsa m'mapepalamo nchiyani, tatiwerengereko nafenso timve. Ndinayamba ndi tochi ya foni. Anganga chilankhulo chawo ndi Chiyao, Chichewa amachimva bwinobwino koma ichi cha Nthara ndi chakale, cha kuchigawo chapakati, mawu ena ngakhale ine ndimaima kaye nkulingalira, ndiye timayenda pang'onopang'ono, masamba 6 kapena 7 pa tsiku, iwo akundidula pafupipafupi. Pa za kubadwa kwa mwana, za maliro, za milandu ya pabwalo, amati ee ndi choncho kumene, pena amati ayi kwathu sitichita choncho, awo ndi Achewa. Gawo limeneli ndi limene ndalikonda kwambiri m'buku lonse. Nthara ankaudziwa mudzi, sankaulemba ngati mlendo wodutsa, ndipo Nthondo ali mwana wovuta, wakuba, wosamva za akulu, umamuona ndithu ngati kamnyamata kena kamene umakadziwa m'dera mwanu.

Vuto linabwera kumapeto. Amene simunawerenge mundikhululukire koma buku la 1933 sindingalisungire chinsinsi. Nthondo atazunzika, atayendayenda kutali ndi kwawo, amabwerera, amakhala mfumu, ndipo amatembenuka mtima nkukhala mkhristu. Nditawerenga pamenepo anganga anangoti zii kanthawi, kenako anati, "Iwe, wadumpha masamba eti?" Ndinati ayi anganga, onani nokha manambala akutsatana. Iwo anati, "Ndiye munthu amene wativutitsa masiku onsewa angofewa chonchi ngati chinangwa choviika? Amene analembayo anatopa kapena anamuuza kuti amalize msanga." Ndinaseka mpaka mphwanga anatuluka m'nyumba kudzaona. Koma zoona zake inenso ndi mmene ndinamvera, kuipa kwa Nthondo tinakuona ndi maso tsamba ndi tsamba, pamene kusintha kwake kunandifikira mothamanga, ngati nkhani ikuthamangira kukafika pamene eni makina osindikizira ankafuna kuti ikafike. Awa ndi maganizo anga chabe, musakawalembe pamayeso.

Chimene chinapangitsa kuti ndizimve choncho kwambiri nchakuti masiku omwewo ine ndi mphwanga, ali Fomu 1, timamaliza Avatar: The Last Airbender. Iyi ndi katuni ya ku America ya Nickelodeon, inayamba 2005 nkutha 2008, ma sizoni 3, ma episodi 61, ndipo tinakaikitsa pa memory card kwa anyamata oika mafilimu pamsika chifukwa bando yoonera pa intaneti zonsezo ingandigwetse shopu. Anthu ambiri amakamba za Aang, kamwana kadazi kokhala ndi muvi pamutu kamene kayenera kuphunzira kulamulira madzi, nthaka, moto ndi mphepo kuti kathetse nkhondo, koma kwa ine mwini nkhani ndi Zuko. Mwana wa mfumu ya dziko la moto, bambo ake omubereka anamuwotcha kumaso nkumuthamangitsa, ndipo iye akuganiza kuti akagwira Aang bambo akewo amulandiranso. Mnyamata ameneyu amasintha, koma abale inu, amasintha movutikira. Kumapeto kwa sizoni 2, mumzinda wa Ba Sing Se, pamene tonse tinali titakhulupirira kuti basi wakhala munthu, amatembenuka nkugwirizana ndi mchemwali wake Azula, kumusiya mkulu amene anamulera m'mavuto onse akugwidwa. Mphwanga anakwiya zenizeni, anati achimwene zimitsani ine sindioneranso, nkupita kukagona osatsanzika. Mawa lake ndi yemweyo anandidzutsa kuti chaja ili kuti.

Ndiye mu sizoni 3 Zuko amapeza zonse zimene ankafuna, ulemu, nyumba yachifumu, bambo akumutchula mwana wanga, koma tulo osabwera, ndipo mpamene amachoka yekha popanda womukankha. Ngakhale atapita kwa anzake a Aang samulandira ndi manja awiri, Katara, mtsikana wa m'gululo, amamukayikira kwa nthawi ndithu. Ukafika pamene akukapepesa kwa mkulu uja umakhala utayenda naye ulendo wonse, palibe angakufunse kuti wadumpha masamba.

Za mkulu ameneyu, Iroh, wokonda tiyi, panabuka mkangano wina wosayembekezeka. M'Chingerezi Zuko amangomutchula ndi liwu limodzi lija limene Azungu amatchulira m'bale aliyense wamwamuna wa makolo ako, ndiye mphwanga pofotokozera anganga, amene anayamba kusuzumira pa foni kuti tikuonera chiyani, ankati awa ndi amalume ake. Ine ndinati ayi, Iroh ndi mkulu wake wa Ozai, bambo a Zuko, ndiye kwathu kuno amenewo ndi bambo aakulu, malume ndi mlongo wa mayi. Anganga anamvetsera mbali zonse ngati ali pabwalo, kenako anagamula kuti mwana akakanidwa ndi bambo ake amene amamutola ndi malume, choncho kaya magazi akuti chiyani, ntchito imene akugwira mkuluyo ndi ya umalume. Kuyambira tsiku limenelo akamva tikuonera amafunsa kuti amalume a tiyi aja atuluka m'ndende? Chingerezi samva ngakhale liwu limodzi koma Iroh anamukonda kuposa ife.

Ndinakamuuza mnzanga wina amene amaphunzitsa Chichewa ku sekondale za kufananiza kwangaku ndipo sanagwirizane nane mpang'ono pomwe. Iye akuti ndikulakwira Nthara, ukuyerekeza bwanji kabuku kochepa kolembedwa ndi mphunzitsi mmodzi m'zaka za m'ma 1930 ndi ma episodi 61 opangidwa ndi gulu la anthu olipidwa, komanso akuti kwa Nthara ndi anthu a mpingo wake kutembenuka mtima sikufuna masitepe, kumabwera ngati mphezi, ndiye analemba zimene ankakhulupirira osati zimene anauzidwa. Mfundo yachiwiriyi yandikhala m'mutu, mwina akunena zoona. Komabe wowerenga ndine, ndipo pakhonde paja tinali awiri amene tinaona kuti pakusowa kanthu.

Zina mwachidule. One Piece ndaisiya, ndipo ulendo uno ndaisiyadi. Eiichiro Oda anayamba kujambula nkhaniyi mu 1997, katuni yake inayamba 1999, pano ma episodi anadutsa 1,000 kalekale, nditawerengera kuti iliyonse ndi mphindi pafupifupi 24 ndinapeza maola 400 ndi kuposa, ine ndili ndi shopu yoti ndizitsegula. Komanso monga mwana wa kunyanja zimandivuta kulemekeza kaputeni wa bwato amene satha kusambira, Luffy akanakhala wa ku Makawa kapena ku Malembo sakanamukweza ngakhale pa bwato la usipa kkkk. Okonda One Piece musandidye, ndikudziwa kuti chinamuletsa kusambira ndi chipatso chimene anadya.

Supa Team 4 ndinaonerako ma episodi angapo kwa msuweni wanga amene ali ndi Netflix. Inatuluka mu 2023, anaiyambitsa ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia, ndipo ndi ya atsikana anayi asukulu amene amapulumutsa mzinda wa Lusaka wa m'tsogolo motsogozedwa ndi mayi wina wachikulire, Mama K. Nkhani yake ndi yopepuka, ya ana, sindingaiike pamzere umodzi ndi Avatar, koma kuona zitenje ndi nkhope zonga zathu mu katuni kunandichititsa kansanje. Lusaka si kutali. Ife nthano za Kalulu tili nazo, Napolo tili naye, nkhani za asodzi za usiku wa mwera zokha zingakwane sizoni yathunthu, koma ana athu akungodziwa ma jutsu, njira zomenyera za mu katuni ya Naruto.

Buku la 8 ndayamba kale ndipo ili ndiye landigwira pakhosi. Ndi la Jack Mapanje, And Crocodiles Are Hungry at Night, la 2011, mmene akufotokoza za kumangidwa kwake. Chimene ambiri kuno sitidziwa, inenso ndadziwa mochedwa, nchakuti Mapanje ndi wathu wa boma lino, anabadwira m'mudzi wa Kadango mu 1944. Ndakatulo zake za Of Chameleons and Gods zinatuluka mu 1981, boma la nthawi imeneyo linazichotsa m'mashopu ndi m'masukulu, ndipo mu Seputembala 1987, ali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, anamutenga nkukamutsekera ku Mikuyu ku Zomba popanda mlandu uliwonse kukhoti mpaka mu Meyi 1991. Ndakatulozo ndinayesapo chaka chatha zinandikanika, munthu amabisa tanthauzo ngati mmene nanzikambe amabisalira patsamba, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake ankalemba choncho, koma mutu wanga wa mbandakucha sunakwanitse. Ili la m'ndende ndi lolunjika, ndili pa tsamba 60 ndipo ndikuganiza kuti ndikalimaliza ndibwereranso ku ndakatulo zija.

Dzulo ndinayesa kuwamasulirako anganga pang'ono, poti Nthondo watha ndipo amafunsa kuti lero tiwerenga chiyani. Nditangotchula Mikuyu ndi dzina la Kamuzu anayang'ana kumpanda kwa aneba nkunena kuti tsitsa mawu. Ndinati anganga zimenezo zinatha mu 1994, palibe angatimange. Anati ndikudziwa, tsitsabe. Kenako anandiuza, monong'ona, kuti anali kamtsikana mu 1965 pamene anthu a Chipembere analowa pa boma pano, nthawiyo pakutchedwa Fort Johnston, ndipo zitalephereka midzi yambiri ya kuno inaona zakuda, anthu ankangotengedwa usiku. Sanapitirize, anangoti werenga za amalume a tiyi zija bola. Ndinawauza kuti imeneyo si buku ndipo inatha, anati ndiye yambitsaninso.

Loweruka akubwerera kumudzi, maso awapatsa mankhwala odontheza ndipo akuti aziona bwino pakatha milungu ingapo. Andilamula kuti Nthondo apite naye, akuti kuli mdzukulu wina wa Sitandade 8 amene aziwawerengera kuti atsimikize ngati sindinadumphedi masamba. Ndiye mwana wa aneba ndimugulira fanta, buku lake silibwerera. Pa mndandanda patsala Mapanje ameneyu, kenako I Will Try la Legson Kayira la 1965, uja anayenda wapansi kuchoka kumpoto kwa dziko lino mpaka ku Khartoum pofuna sukulu ya ku America, ngati alipo ali nalo kuno ku Mangochi kapena ku Monkey Bay andibwereke, ndimabweza, kupatula Nthondo. Mphwanga akuti tiyambe Fullmetal Alchemist: Brotherhood, ma episodi 64, koma memory card yayamba kunena kuti ifomatidwe ndipo sindinaiguliretu ina.