Galimoto yasiya kutsamwa

Anzanga a mu Zomba muno, galimoto ikamatsamwa pokwera ku Chawe musathamangire kugula pampu ya petulo yatsopano. Yanga inkatha mphamvu pamtunda pokha, vuto linali fyuluta ya petulo. Nditaichotsa lero, munatuluka madzi ndi dzimbiri lokhalokha. Petulo wa m'zigubu uja tinkagula mafuta atasowa, ndiye ameneyu!

Ndasintha ndekha pakhomo, ku Matawale kuno. Yambani mwazula fyuzi ya pampu, mulize injini mpaka izime yokha kuti petulo asakuthovukireni kumaso pomasula paipi. Kenako chotsani waya wa negetivu pa batire. Kamuvi ka pa fyuluta yatsopano kaloze ku injini. Mbaula ndi fodya zikhale kutali, chonde.

Koma ngati fyuluta yanu ili m'thanki momwe, imeneyo apatseni amakaniko.