Tsiku limene ndinalima munda wa eni

Mwezi wa Ogasiti ku Lusaka ngakhale nkhuku imayenda cham'mbali. Mphepo imachokera kum'mawa itasenza fumbi ndi mapulasitiki a tauni yonse, ndipo munthu wanzeru amangotseka mawindo n'kukhala pansi. Ine mwezi womwewo ndi umene ndinasankha kuti ndikayese zipolopolo.

Ndimawombera chandamale ndi mfuti ya .22 pa mtunda wa mamita 50, ku bwalo lina kunja kwa tauni. Mfuti zimenezi zimasankha zakudya ngati mwana wa bwana. Zipolopolo za kampani imodzi, dzina limodzi, zikangosiyana loti, kutanthauza gulu la zipolopolo zopangidwa nthawi imodzi limene nambala yake imalembedwa pabokosi, mfuti ikhoza kukonda izi n'kukana izo. Choncho ndinagula mabokosi awiri a Eley Tenex, za ku England, a maloti osiyana, ndi bokosi lina la zotchipa zothamanga kwambiri. Mtengo sinditchula, mayi akunyumba amadziwa kuwerenga.

Pamphepo pamafunika timbendera, kuti uziona kumene ikulowera usanakoke chala. Ine timbendera ndinalibe. Koma m'dengu la zochapa ndinapezamo chitenje chooneka chotopa, ndipo ndinachidula bwinobwino ndi lumo, mizere isanu ndi umodzi. Ndinatenga alamu anga ku Chilenje kuti azikandilembera zotsatira, ulendo.

Titafika tinazika timbendera pa timitengo, ndinakhoma pepala langa pa nambala 4, n'kugona chafufumimba pamkeka. Pa nambala 5 panali mdala wina wa imvi, wosayankhulayankhula, amene anangoyang'ana timbendera tanga ta maluwa ofiira n'kutsokomola.

Ndisanaombe n'kamodzi komwe, kunabwera kamvuluvulu. Anadutsa pakati pa bwalo akuzungulira ngati watumidwa, fumbi lili koboo, chipewa cha alamu chinapita osatsanzika. Tonse tinatsinzina. Potsegula maso, mabokosi awiri a Tenex aja anali atagwa patebulo, ndipo alamu, munthu wamtima wabwino, anali atatolera kale zipolopolo zonse n'kuziika m'kontena yathu ya mtedza.

"Alamu, mwasakaniza?"

"Si zofanana nanga, alamu? Taonani, zonse zalembedwa E kumatakoku."

Zoonadi zinali zofanana ngati nyemba. Loti imalembedwa pabokosi, osati pachipolopolo. Ndinameza malovu owawa n'kudziuza kuti tangoombera, wabwera kale.

Apa ndiye ndinaomba mwaluso. Ndinkadikira timbendera tigone mofanana, n'kupuma theka, n'kukoka chala pang'onopang'ono. Khumi zinapita. Ndinauza alamu kuti asuzumire m'telesikopu.

"Palibe bowo, alamu."

"Yang'anitsitsani pakati, mwina zalowa malo amodzi."

"Pepala lanu ndi loyera ngati latsopano. Tikhoza kukalibweza kusitolo."

Ndinathira zina khumi, mtima uli phaphapha. Palibe. Ndinayamba kutukwana azungu a ku England chamumtima.

Woyang'anira bwalo atalamula kuti mfuti zonse zitsegulidwe n'kuikidwa pansi, tinayenda kukaona. Kamvuluvulu uja anali atazula chikwangwani cha nambala 4, ndipo ine, maso odzaza fumbi, ndinali nditalunjika pepala loyandikana nalo. Mdala uja anaima patsogolo pa pepala lake akuwerenga ndi chala. Iye anaomba khumi. Mabowo anali ochuluka kuposa pamenepo, ndipo pakati penipeni panali dzenje limodzi long'ambika, loti ungaliphimbe ndi chala chachikulu. Bwalo la mfundo 10 pa chandamale chimenechi ndi mamilimita 10.4 basi, ndipo m'moyo wanga wonse ndinali ndisanaliboolepo chotero.

"Ndi mphepo iyi, bambo," ndinatero, mawu akunjenjemera. "Yakankhira zipolopolo zanga kwa inu."

Mdala anandiyang'ana ngati mphunzitsi wamkulu. "Mwana wanga, kachipolopolo aka n'kolemera magalamu 2.6, ndipo kamafika apa sekondi isanathe n'komwe kuyamba. Mphepo ya makilomita 16 pa ola imakapatutsa masentimita atatu osakwana. Mphepo yokhoza kukasuntha mita yathunthu ikanayamba yanyamula iweyo."

Pofuna kubisa manyazi, ndinatulutsa bokosi la zotchipa lija n'kunena kuti izi ndiye zithana ndi mphepo, poti zimathamanga kuposa liwiro la phokoso. Anapukusa mutu. Anati zothamangazo mpweya umazibweza kwambiri, zimataya liwiro msanga, ndipo mphepo imazikankha kuposa zoyenda modekha. N'chifukwa chake za mpikisano amazipanga kuti zisapyole liwiro la phokoso. Alamu ankalemba zonsezi m'kope, ngati ndi zimene ndinawatengera.

Ndinapempha pepalalo kuti ndikakhome pabalaza. Mdala analipinda kanayi, n'kuliika m'thumba la malaya. "Chamera m'munda mwanga," anatero, n'kumapita.

Ndinabwerera kunyumba wopanda pepala, wosadziwa loti imene inachita zodabwitsazo, timbendera tili lendelende m'thumba la thalauzi. Ndinapeza mayi akunyumba atakhuthula dengu lonse pakhonde.

"Abambo ake, simunaone chitenje changa cha maluwa ofiira? Chija tinagula ku Kamwala ndi anzanga a komiti, cha kitchen party ya Loweruka likubwerali."

Ndinatembenuka kuti alamu andithandize kufotokozera mlongo wawo. Ndinangoona geti likugwedera.